Nyanja ya Chilwa Yolendewera Kudenga

Chikondwerero chikamayandikira, kaya ndi Khrisimasi, Pasaka, tsiku la makolo kapena tsiku lotsazikana ndi a Folomu 4, a komiti yokongoletsa malo amakhala ndi funso limodzi lomwelo chaka ndi chaka: kodi ndalama zogulira zokongoletsa tizipeza kuti? Zonyezimira za m'sitolo n'zodula ndipo sizichedwa kuthothoka. Pakangotha sabata imodzi zimakhala zili kudzala, mbuzi n'kumazitafuna. Chikhalirecho m'makalasi mwathu, m'maofesi a parishi ndi m'nyumba za makolo muli mapepala ambirimbiri amene akungodikira moto: makalendala a chaka chatha, makope odzadza, mapepala a mayeso akale ndi ena otero.

M'nkhani ino tiona m'mene tingasandutsire mapepala asanu, timabango tinayi ndi ulusi kukhala chokongoletsa cholendewera kudenga, chimene chimadzizungulira chokha kamphepo kakangodutsa. Pa cholendewera chathuchi padzakhala mbalame, bwato ndi nsomba, monga m'mene zimakhalira pa Nyanja ya Chilwa. Ntchitoyi siifuna ndalama. Imafuna zinthu ziwiri: kupinda pepala molondola, ndi kudziwa pomangirira ulusi kuti mbali zonse zilingane kulemera. Ambiri amachita bwino pa choyambacho koma n'kugwa pa chachiwiri, ndiye tifotokoza zonse ziwiri mwatsatanetsatane.

Luso limeneli lidachokera kuti?

Pepala lidayamba kupangidwa ku China. Mbiri imatchula nduna ya mfumu, Cai Lun, kuti ndiye adakonza bwino kapangidwe kake m'chaka cha 105. Kuchokera kumeneko lusoli lidafika ku Korea ndi ku Japan, ndipo Ajapani ndiwo adatchuka kwambiri ndi kupinda mapepala. Iwo amati origami, mawu ochokera ku "kupinda" ndi "pepala" m'chinenero chawo. M'chaka cha 1797 ku Japan kudasindikizidwa buku lophunzitsa kupinda mbalame yotchedwa tsuru, yaitali khosi ndi miyendo ngati kakowa wathuyu koma yokulirapo. Kumeneko kuli mwambo wopinda mbalame zotere 1,000 n'kuzitunga pa ulusi, kawirikawiri mizere 25 ya mbalame 40, pofunira munthu wodwala kuchira kapena pofunira mabanja atsopano moyo wautali.

Mwambowu udadziwika pa dziko lonse chifukwa cha mtsikana wina, Sadako Sasaki. Iye adali ndi zaka ziwiri pamene bomba la atomiki lidaponyedwa pa mzinda wa Hiroshima pa 6 Ogasiti 1945. Patapita zaka pafupifupi khumi adapezeka ndi khansa ya m'magazi, ndipo ali m'chipatala ankapinda mbalame ndi pepala lililonse limene akadalipeza, ngakhale lokulungira mankhwala. Adamwalira pa 25 Okutobala 1955 ali ndi zaka 12. Anzake a kusukulu adasonkha ndalama, ndipo pa 5 Meyi 1958 chipilala chokumbukira ana ophedwa ndi bombalo chidatsegulidwa mumzindawo. Mpaka lero anthu a m'maiko osiyanasiyana amatumizako mbalame za mapepala mamiliyoni ambiri chaka chilichonse.

Ku Ulaya nako mphunzitsi wa ku Germany, Friedrich Fröbel, amene adayambitsa sukulu zamkaka zotchedwa kindergarten m'chaka cha 1840, ankapinditsa ana mapepala kuti aphunzire za mizere ndi ngodya ndi manja awo asanaziwerenge m'buku. Tsono nzeru yolendewetsa zinthu pa timitengo tolumikizana, kena pansi pa kanzake, idatchuka ndi mmisiri wa ku America, Alexander Calder, amene adayamba waphunzira uinjiniya. Cha m'ma 1931 iye adayamba kupanga ziboliboli zoyenda, ndipo mnzake Marcel Duchamp adazipatsa dzina la Chifalansa loti mobile. Chimene tipange ife chikuphatikiza nzeru ziwirizi: kupinda kwa Ajapani ndi kulinganiza kwa Calder.

N'chifukwa chiyani tasankha Chilwa?

Chokongoletsa chabwino chimanena za kwawo kwa amene adachipanga. Nyanja ya Chilwa ndi yachiwiri kukula m'Malawi muno, ndipo ikukhudza maboma a Phalombe, Zomba ndi Machinga, pamene kum'mawa kwake ndi malire a dziko la Mozambique. Mitsinje ngati Phalombe, Sombani, Likangala, Thondwe ndi Domasi imathira m'menemo, koma palibe mtsinje ndi umodzi womwe wotulukamo. N'chifukwa chake madzi ake ndi amchere pang'ono. Ndi yosaya, moti m'malo ambiri kuya kwake sikupitirira mamita atatu, ndipo yazunguliridwa ndi madambo aakulu a njedza ndi bango.

Amene adafikako ku Swang'oma kapena ku doko la Kachulu akudziwa kuti moyo wa panyanjapo uli m'magawo atatu. M'mwamba muli mbalame: akakowa, atsekwe, avuwo ndi nkhwazi. Pamwamba pa madzi pali mabwato a asodzi. Pansi pa madzi pali matemba, makumba ndi milamba. Cholendewera chathu chitsata dongosolo lomweli, mbalame pamwamba, bwato pakati, nsomba pansi.

Zofunika kukonzeratu

Pezani mapepala asanu a saizi ya A4, amene ndi masentimita 21 m'lifupi ndi 29.7 m'litali. Atatu akhale oyera kapena olembedwa mbali imodzi yokha, pakuti kakowa ndi woyera. Awiri enawo akhale amitundu, monga a kalendala kapena a magazini akale. Mapepala a m'kope ndi ocheperako koma amagwira ntchito chimodzimodzi. Nyuzipepala ndi yofewa kwambiri, imalefuka msanga, ndipo katoni ndi wolimba kwambiri, amasweka popinda. Anzathu a Folomu 1, chonde, mabuku a m'laibulale ndi a nyimbo sali m'gulu la mapepala otha ntchito.

Pezaninso timabango touma tinayi, toonda ngati pensulo kapena kucheperapo, totalika masentimita 20, 30, 45 ndi 60. Nsonga za bango ndizo zabwino chifukwa n'zopepuka. Palibe chifukwa cholowera m'dambo kukathyola, kumene munthu angatengeko likodzo. Kapempheni zotsalira kwa oluka mphasa, amene amataya nsonga zambiri. Kumene kulibe bango, nsungwi yowazidwa mopyapyala kapena mapesi a mapira angalowe m'malo. Zina zofunika ndi ulusi wosokera zovala kapena wa nailoni wochokera ku ukonde wakale, singano, sizasi, lezala, rula, timitengo ta machesi ndi guluu pang'ono. Phala la ufa wa chinangwa limamata ndithu, koma limaitana mphemvu ndi nyerere, choncho ndi bwino kulipewa pa chinthu chimene mukufuna chikhalitse.

Malamulo atatu a kupinda

Loyamba, pindirani pa tebulo kapena pa thabwa losalala, osati m'malere kapena pa bondo. Lachiwiri, musanatsindike popinda, onetsetsani kuti ngodya yagwera pa ngodya inzake ndipo mphepete yagona pa mzere. Mukalakwitsa ndi milimita imodzi poyamba, pofika kumapeto mlomo wa mbalame umakhala utakhota. Lachitatu, tsindikani popinda paliponse ndi chikhadabo kapena ndi rula kuti mzere uoneke bwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mbalame ndi nsomba zimafuna pepala la mbali zinayi zofanana, limene m'kalasi timati sikweya. Kuti mulipeze, gwirani ngodya imodzi ya pepala la A4 ndi kuipinda mpaka mphepete yaifupi itagona ndendende pa mphepete yaitali. Dulani kachigawo kotsala kunsiko. Mukatambasula mukhala ndi sikweya ya masentimita 21 mbali zonse, ndi kachigawo ka masentimita 21 m'litali ndi 8.7 m'lifupi. Kachigawoka musataye, ndiko kadzakhale mapiko. Okonda masamu ayeze mzere wopingasa umene watsala pa sikweyayo, kuchokera pa ngodya kufika pa ngodya inzake. Apeza masentimita 29.7, kufanana ndi litali la pepala limene adayamba nalo. Izi sizidachitike mwangozi: pepala la A4 adalikonza dala kuti litali lake likhale lifupi kuchulukitsa ndi 1.414, ndi cholinga choti ukalidula pakati, zigawo ziwirizo zizisunga maonekedwe a pepala loyamba.

Kupinda kakowa

1. Ikani sikweya pa tebulo, ngodya imodzi italoza kwa inu, mzere wopingasa uja utaima kuchokera pa ngodya ya kwa inu kufika pa ngodya ya kutali.

2. Tengani mphepete ziwiri zimene zakumana pa ngodya ya kwa inu, ndipo pindani iliyonse kuti igone pa mzere wapakati. Pepala lioneka ngati kaiti, nsonga yakuthwa italoza kwa inu.

3. Tembenuzani pepala chafufumimba, nsonga ikadaloza kwa inu. Pindaninso mphepete ziwiri zazitalizo kuti zigone pa mzere wapakati. Tsopano laonda ngati mkondo.

4. Nyamulani nsonga yakuthwayo ndi kuipindira kutali mpaka itafika pa ngodya ya kumtunda. Limeneli ndilo khosi.

5. Pindani kansonga ka khosilo kubwerera kwa inu, masentimita atatu kapena anayi. Umenewu ndiwo mutu ndi mlomo.

6. Nyamulani chonsecho ndi kuchipinda pakati motsata mzere wapakati uja, mbali ziwirizo zipite kumbuyo, khosi ndi mutu zitsalire kunja.

7. Gwirani thupi ndi dzanja limodzi, ndipo ndi linalo kokerani khosi m'mwamba pang'onopang'ono. Likaima m'mene mukufunira, tsinani patsinde pake kuti likhazikike. Kokeraninso mlomo kutsogolo ndi kutsina pamutu.

Kakowa akamauluka satambasula khosi ngati tsekwe, amalibweza cha kumsana. Choncho ngati mukufuna kakowa weniweni, lisiyeni khosi litapendekera kumbuyo, ndipo ngati mukufuna tsekwe, likankhireni kutsogolo.

Tsopano mapiko. Tengani kachigawo kaja ndi kukapinda motsata litali lake, sentimita imodzi kutsogolo, sentimita imodzi kumbuyo, mpaka konse katatha ndipo kasanduka kandodo ka masentimita 21. Gonekani mbalame pa thabwa, ndipo ndi lezala chekani kamng'alu koimirira pakati pa thupi, kotalika sentimita imodzi ndi pang'ono, koboola mbali zonse ziwiri koma kosafika pa msana kapena pa mimba. Lowetsani kandodoko mpaka theka litatulukira uku, theka uko, kenaka tambasulani mbali zonse ngati chokupizira mphepo. Pepala limodzi latulutsa mbalame yathunthu popanda chotayika. Pindani zitatu.

Kupinda bwato

Ambiri mwa ife tidaphunzira bwato ili ku pulaimale, tikuseweretsa m'ngalande mvula ikagwa. Dulani pepala la A4 pakati ndi kutengapo theka. Lipindeni pakati, mphepete yaifupi pa yaifupi inzake, ndipo liikeni pa tebulo popindapo pali kumtunda, kotseguka kuli kwa inu. Pindani ngodya ziwiri za kumtunda kuti zikumane pakati, ngati denga la nyumba. Kunsi kwatsala timilomo tiwiri: kena pindirani m'mwamba kutsogolo, kanzake m'mwamba kumbuyo. Chimene muli nachocho ndi chipewa. Lowetsani zala m'kati mwa chipewacho, chitseguleni mpaka ngodya zake ziwiri za m'mbali zitakumana, ndipo chiphwathalitseni kuti chikhale kasikweya. Pindani ngodya ya kunsi kupita m'mwamba, ina kutsogolo, ina kumbuyo. Tsegulaninso m'kati monga poyamba ndi kuphwathalitsa. Pomaliza gwirani nsonga ziwiri za kumtunda ndi kuzikokera kunja mofatsa. Bwato latuluka, lili ndi kansonga pakati pamene padzadutse ulusi.

Kupinda nsomba

Pa pepala lachisanu pangani sikweya monga kale, ipindeni panayi ndi kuidula kuti mupeze timasikweya tinayi ta masentimita 10.5. Kalikonse ndi nsomba imodzi. Pindani kasikweya mopingasa, ngodya pa ngodya, tambasulani, ndipo chitaninso chimodzimodzi ndi ngodya ziwiri zinazo. Katembenuzeni, kapindeni pakati kamodzi mphepete pa mphepete, tambasulani ndi kukatembenuzanso. Tsopano kankhirani m'kati malekezero awiri a mzere womalizawo mpaka atakumana. Pepala lidzipinda lokha n'kukhala la ngodya zitatu, lokhala ndi timapiko tiwiri kumanja ndi tiwiri kumanzere.

Liikeni nsonga italoza kutali. Tengani kaphiko kapamwamba ka kumanja, kapindireni kunsi modutsa pakati pang'ono, kuti nsonga yake itulukire kunsi cha kumanzere. Chitani chimodzimodzi ndi ka kumanzere kuti tipingasane. Timeneti ndito mchira. Tembenuzani, jambulani diso pafupi ndi nsonga, ndipo muona nsomba yophwathalala ngati makumba.

Kuika ulusi

Chinthu chilichonse chili ndi malo amodzi pamene chikalendewera chimakhala chowongoka. Musanaboole, tsinani mbalame pa msana ndi zala ziwiri mopepuka ndi kuinyamula. Ikaweramira kumutu, sunthirani zala kumutu. Ikaweramira kumchira, sunthirani kumchira. Pamene yakhala bwino ndi pomwe mulowetse singano. Kumapeto kwa ulusi mangirirani kachidutswa ka mtengo wa machesi kuti kakakamire m'kati mwa thupi, pakuti mfundo yokha imang'amba pepala n'kupulumuka. Nsomba ibooleni m'mphepete mwa chipsepse cha pamwamba, cha kumutu pang'ono, kuti isalendewere chozondoka. Lumikizani nsomba ziwiriziwiri, ina pansi pa inzake, ndipo chitani chimodzimodzi ndi mbalame ziwiri mwa zitatu zija.

Pa bango lililonse chekani kamzere kosaya sentimita imodzi kuchokera kumapeto, mbali zonse ziwiri, kuti ulusi usatsetsereke. Samalani zala, pakuti bango long'ambika limacheka ngati lezala.

Yambirani pansi

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Nyumba timayambira pa maziko kukwera m'mwamba, ndipo cholendewera nachonso timayambira pansi, ngakhale kuti chidzamangirizidwa kumwamba. Chifukwa chake n'chakuti bango lililonse limasenza zonse zimene zili pansi pake. Mukayamba ndi la pamwamba n'kulilinganiza, chilichonse chimene mudzawonjezere pambuyo pake chidzalipendeketsa, ndipo mudzakhalira kumasula ndi kumanganso mpaka kutopa.

Yambani ndi bango la masentimita 20. Mangirirani nsomba ziwiri mbali iyi, ziwiri mbali inayo. Kolekani ulusi wina pakati ndi mfundo yosamangitsa, nyamulani, ndipo sunthani mfundoyo pang'onopang'ono mpaka bango litagona mowongoka. Mukatero mangitsani ndi kudonthezapo guluu.

Tengani la masentimita 30. Mbali imodzi mangirirani bango la nsomba lija, litalendewera masentimita 15 pansi pake. Mbali inayo ikani bwato pa ulusi waufupi kuti likhale pamwamba pa nsomba. Funaninso polingana monga poyamba. Muona kuti mfundo siikhalanso pakati, yasunthira ku mbali yolemera.

Pa la masentimita 45, mbali imodzi isenze zonse zimene mwamanga kale, mbali inayo kakowa mmodzi. Pa la masentimita 60, mbali imodzi isenze zonsezo, inayo akakowa awiri aja. Ulusi wa pa bango lomalizali ndiwo upite kudenga. Mukamaliza, zungulitsani bango lililonse ndi chala kuti muone ngati pali zogundana. Ngati phiko likukola ulusi wa linzake, fupikitsani kapena talikitsani ulusi umodzi, osati kusuntha mfundo zomata kale. Ntchito iyi imakoma anthu awiri, wina atanyamula, wina akusuntha mfundo. Paja mutu umodzi susenza denga.

Masamu ake

Lamulo limene likugwira ntchito pano adalilongosola ndi Archimedes wa ku Syracuse zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe, ndipo a Folomu 3 ndi 4 amakumana nalo m'phunziro la sayansi. Limati ndodo imalingana ngati kulemera kwa mbali ino kuchulukitsa ndi mtunda wake kuchokera pomangirira kukufanana ndi kulemera kwa mbali inayo kuchulukitsa ndi mtunda wake. Msodzi wosenza mitolo iwiri pa mtengo umodzi amalidziwa lamuloli ngakhale sadalowe m'kalasi: amasunthira phewa ku mtolo wolemera.

Tiyeni tiyese ndi manambala. Pepala wamba la A4 la muofesi limalemera magalamu asanu. Choncho kakowa wathu, amene wadya pepala lathunthu, ndi magalamu 5, bwato ndi magalamu 2.5, ndipo nsomba iliyonse siikwana galamu imodzi. Tiyerekeze kuti kakowa ndi bwato zili pa mapeto a ndodo imodzi, motalikirana masentimita 30. Pomangirira payenera kukhala masentimita 10 kuchokera kwa kakowa ndi 20 kuchokera ku bwato, pakuti 5 kuchulukitsa ndi 10 ndi 50, ndipo 2.5 kuchulukitsa ndi 20 ndi 50 yemweyo. Komabe bango nalo lili ndi kulemera kwake, kumene kumakokera mfundo cha pakati pang'ono, ndiponso tsinde la bango limalemera kuposa nsonga. Motero masamu amakuuzani poyambira kufuna, koma chala ndi diso ndizo zimamaliza. Aphunzitsi amene adaphunzira za TALULAR, njira yophunzitsira ndi zipangizo zopezeka pamalo, aona kuti apa apeza chida cha sayansi chosagula.

Pokoleka ndi kasamalidwe

Cholendewera chonse chimatalika pafupifupi mita imodzi, choncho chikolekeni pa phaso kapena pa msomali wa kudenga pamene anthu sangachigunde ndi mutu, ndiponso patali ndi khoma kuti chizizungulira momasuka. Sichifuna mphepo yambiri. Mpweya wofunda umakwera, wozizira umatsika, ndipo kayendedwe kameneka, kamene ife sitikamva n'komwe, n'kokwanira kukankha mapiko a pepala. Pakhomo penipeni kapena pa zenera lotsegula pamawomba kwambiri, ulusi umangopotana.

Chenjezo lalikulu ndi moto. Musachikoleke pamwamba pa kandulo, koloboyi kapena mbaula. M'tchalitchi chikhale kutali ndi makandulo a pa guwa, ndipo pemphani kaye chilolezo kwa bambo mfumu musanakhome msomali. Kunyumba, makolo angachikoleke pamene khanda lingachione likagona, koma pasakhale poti lingachifikire, chifukwa ulusi ndi timitengo ta machesi n'zoopsa kwa mwana. Nyengo ya dzinja ndi ya chiperoni pepala limamwa chinyontho n'kulefuka, ndipo denga lodontha limaliwononga usiku umodzi. Chikondwerero chikatha, pindani mapiko, gonekani zonse m'katoni youma, ndipo chaka chamawa mudzangofumulula.

Tachotsani nsomba imodzi

Mukamaliza, yesani ichi pamaso pa anzanu. Dulani nsomba imodzi yokha, imene siikwana ngakhale galamu. Bango la pansi lipendekeka nthawi yomweyo, la bwato litsatira, ndipo mukayang'anitsitsa muona kuti ngakhale akakowa a pamwamba, amene sadakhudzidwe, atsikako.

Anthu a m'mbali mwa Chilwa zimenezi adaziona ndi maso. Popeza nyanjayi ndi yosaya ndipo imadalira mvula ndi mitsinje yokha, mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa. Idauma mu 1968, idaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 gawo lalikulu lidasanduka matope ong'ambika moti mabwato adangogona pamtunda. Nsomba zikasowa, asodzi amasowa chogulitsa, amalonda a matemba a m'misika ya ku Phalombe, Zomba ndi Blantyre amasowa katundu, ndipo mabanja ambiri amatembenukira ku mbalame, kuzitchera misampha kuti apeze ndiwo ndi ndalama. Chimene chidayambira pansi pa madzi chimakafika kwa zouluka m'mwamba. Ndipo ulusi wa nyanjayi ndi wautali kuposa m'mene timaganizira. Mitengo ikatha ku mapiri a Michesi, Mulanje ndi Zomba, dothi limakokoloka n'kukakwirira nyanja. Zina mwa mbalame za pa Chilwa zimachokera ku Ulaya ndi ku Asia, kuthawa chisanu cha kwawo. N'chifukwa chake pamene Malawi adalowa m'pangano la maiko losamalira madambo la Ramsar mu 1997, malo oyamba kulembedwa adali Nyanja ya Chilwa, kumene kumapezeka mitundu yoposa 150 ya mbalame.

Tsono anzathu, tchuthi chikubwerachi musangopita kwanu ndi malipoti okha. Tengani mapepala asanu, kaphunzitseni azing'ono anu kupinda kakowa, ndipo apempheni agogo akuuzeni maina a mbalame za kudambo zimene iwo ankaziona ali ana. Mwina mwa zimene atchulezo mupeza ina yoti muipinde, imene ife sitidaiike pa bango.